Fisi wa pakhonde panga

Sitiroko itandigwira inandilanda dzanja lamanja n'kundisiyira pakamwa. Ndikudziwa kuti alipo anthu kwathu kuno, m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, amene ankalakalaka ikadachita mosemphanitsa. Ndinaphunzitsa kupulaimale mpaka kupuma ntchito, ndipo dzanja limenelo ndi limene linkalemba pabolodi, kusoka, kupalira chimanga ndi kukoka makutu a ana a eni. Tsopano linangokhala pamiyendo panga, zala zitapindikira mkati, osandimvera ngakhale pang'ono.

Khasu sindinalidandaule kwenikweni. Chimene chinkandidya mumtima ndi mabatani. Lachinayi lililonse ife amayi a mumpingo timavala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera popita kumsonkhano wathu, ndipo ine ndinali nditavala zimenezo kuyambira ndili ndi mwana kumsana. Bulauzi yanga inali ndi timabatani tating'ono touma, ndipo dzanja lamanzere lokha linkalephera kutilowetsa. Amene ankabwera kudzandimangira mabataniwo anali mnzanga wa nyumba yoyandikana nayo, yemwenso ndi wapampando wa gulu lathu la amayi. Tinakulira limodzi, tinaikirana amuna athu kumanda, ndipo sindinganame kuti ankachita monyinyirika. Koma tikafika kutchalitchi sankalephera kulengeza. "Ndawavekanso lero aphunzitsi athu, onani mmene atchenera." Amayi n'kumaombera m'manja chifundo chake. Ine ndinkaima m'nyumba mwanga momwe, chibwano m'mwamba ngati mwana wopita ku Sande sukulu, ndikudana ndi zala zake zofulumira zija. Ndinkadana nazo kwambiri, ndipo kenaka ndinkapempha Mulungu andikhululukire.

Kuchipatala cha kuboma ku Ntchisi, mayi woongola ziwalo anandiuza kuti tsiku lililonse ndizitola nyemba m'mbale imodzi n'kumaponya mu ina, imodziimodzi, ndi dzanja lodwalalo. Malangizo ake anali abwino, koma ine ndi nyemba sitinamvane. Ndinayesa masiku angapo, kenaka ndinaziphika.

Mwana wanga wamkazi amagulitsa mushopu ku Mponela. Atamva kuti mankhwala ndadya ndi tomato, anabwera kumapeto a mwezi atanyamula bokosi m'jumbo. Analigula kwa munthu wogulitsa zidole za kaunjika pamsika. Anandipatsa akuyang'ana kumbali.

"Amayi, musakwiye. Panali ena a ndege ndi magalimoto, koma anatha. Ili lokha ndi limene anthu amaliopa kugula. N'zolumikiza nokha, ndiye ndinati mwina zalazo zingapezepo ntchito."

Pachivundikiro panali chithunzi cha fisi, koma osati fisi wa m'phiri amene timamudziwa. Uyu anali wodzuka kwa akufa. Nthiti zili pamtunda, chikopa chikulendewera ngati sanza, nsagwada yam'munsi itaguluka mbali imodzi, diso limodzi lokha, kwinako dzenje. Anali atakweza mwendo umodzi wakutsogolo ngati akubwera kudzafunsa amene anamupha. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaseka, kuseka kwanga koyamba chidwalireni. Mbali imodzi yakufa, mbali inayo ikuyendabe mwamakani. Ndinati, "Mwanawe, wandigulira chithunzi changa."

M'bokosimo munalibe fisi. Munali tizidutswa ta pulasitiki totuwa, tambirimbiri, tomatirira ku timafelemu, ndi pepala la zithunzi losonyeza kuti ichi chilowe apa, icho apo. Guluu amene anaikamo anali atauma kalekale, ndipo penti wa m'timabotolo anali gwa ngati mwala. Ndinatumiza uthenga kwa mwana wanga kuti anditumizire supagulu pa minibasi, ine n'kuyala mphasa pakhonde, kutenga lezala, kuyamba ntchito.

Masiku oyambirira anali a misozi ndi magazi. Kachidutswa kalikonse kamafuna kudulidwa pafelemu, kupalidwa m'mbali kuti kasalale, kenaka kugwiridwa pamodzi ndi kanzake mpaka guluu atagwira. Zimenezi dzanja limodzi silingathe. Lamanzere likagwira lezala, lamanja liyenera kupanikiza, lifune lisafune. Ndinkalitukwana mokweza. Ndinadzicheka kangapo, ndipo tsiku lina ndinamata chala changa kumsana kwa fisi mpaka ndinachita kuviika m'madzi otentha. Dzino limodzi linandipulumuka n'kugwera pansi, ndipo nkhuku yanga, yosadziwa kusiyanitsa pulasitiki ndi mphale, inalimeza ndikuona. Ndinaithamangitsa ndi mawu okha. M'malo mwake ndinasema munga wa mthethe n'kuumata pamenepo, ndipo mpaka lero dzino limenelo ndi limene limaopsa kuposa onse. Pamene zidutswa zinasiya mpata ndinkathirapo phulusa losefa n'kudonthezera guluu, likauma n'kupala.

Nthiti ndi zimene zinandichiritsa. Zinali zopyapyala ngati minga ya usipa, ndipo iliyonse inali ndi kabowo kake pamsana. Zala zamanzere zinkagwira thupi, choncho nthitiyo inayenera kubwera ndi dzanja lamanja. Ndinkaitsina ndi chala chachikulu ndi cholozera, n'kugwa. Kutola, n'kugwanso. Mmawa wina, dzuwa litangofika pakhonde, zala ziwirizo zinakumana, zinagwira nthiti, zinayenda nayo mpaka pakabowo, n'kuilowetsa. Ndinayang'anitsitsa dzanja langa. Kenaka ndinalira mokweza ndithu, nkhuku zikundiyang'ana, ndipo nditapukuta misozi ndinatenga nthiti yachiwiri.

Atatha kulumikizidwa anali wamtali ngati botolo la Fanta, wotuwa thupi lonse, ndipo ankadikira penti. Kwa munthu wokonza njinga pamsewu ndinapempha penti wakuda ndi woyera m'zitsekerero za mabotolo, n'kumasungunula ndi palafini. Wofiira wa m'kamwa ndinatenga kyutekisi amene mwana wanga anaiwala pawindo. Katondo ndinapera mpaka kusalala kuti ndidzapake kumapazi, azioneka ngati wafukuladi manda. Chimene chinasowa ndi bulashi. Za m'magolosale n'zopakira makoma. Nthenga ya nkhuku inali yofewa kwambiri, thonje linkasiya ulusi.

Mnzanga uja anali ndi mbuzi yoyera ya mchira wakuda imene inkabwera tsiku ndi tsiku kudzadya chigwada changa, ngati inalima nawo. Tsiku lina nditaiona itatembenuka, mchira uli m'mwamba, ndinaona bulashi yanga. Ndinaikola ndi mkono wamanzere, n'kutenga sizasi ndi dzanja lamanja, dzanja lomwe lija, ndipo sizasi inatseguka n'kutsekeka. Ndinanyadira kwambiri moti ndinakuwa kudutsa mpanda.

"Anzanga, ndadulako ubweya kumchira kwa mbuzi yanu!"

"Dulani, aphunzitsi," anayankha akuseka, ali pamtondo. "Nanga si imadya ndiwo zanu."

Ubweyawo ndinaumanga ndi ulusi kukamtengo ka nsungwi n'kuusongola kunsonga. Inali bulashi yabwino zedi. Ndinayamba ndi wakuda wosungunuka kwambiri kuti alowe m'mikwingwirima yonse. Atauma ndinkaviika bulashi mu wotuwa, kupukuta pasanza mpaka itatsala pang'ono kuuma, n'kumadutsitsa pamwamba mopepuka. Ubweya wa fisi unayamba kutuluka wokha. Nthiti ndinazipaka zoyera n'kuzidetsa ndi mwaye, chifukwa mafupa a m'manda sawala ngati mbale yatsopano. Mawanga ndinadontheza limodzilimodzi. Nditafika pankhama ndi lilime, ine ndemwe ndinayamba kumuyang'ana mwaulemu.

Fungo la penti linkandipweteketsa mutu m'nyumba, ndiye ndinkamuika pampando pakhonde kuti aume padzuwa. Khonde langa linayang'ana njira ya kumjigo. Amayi anayamba kudutsa mwakachetechete, ndowa pamutu, maso kumbali. Ena ankapereka moni ali patali. Wina anandifunsa ngati munthu wobadwira mumpingo ngati ine ndayamba kupanga zilombo za kudambwe. Ndinamuyankha kuti abwere pafupi aone ngati muli munthu mkatimo. Sanabwere.

Afisi enieni amatsika m'mapiri athu chaka ndi chaka, makamaka tchire likapsa. Aliyense amadziwa zimenezo, ndipo n'chifukwa chake makola a mbuzi timamanga m'mwamba. Chaka chimenecho anatsikanso, ndipo mwa mbuzi zonse za m'dera lathu anasankha yoyera ya mchira wakuda. Kutacha panali magazi pansi pa khola la mnzanga ndi mkukuluzi wolowera kudambo. Ndinapita kukapepesa. Mnzangayo anandiyankha ataima pakhomo, osandipatsa mpando. Maso ake anali padzanja langa lamanja.

Pofika madzulo nkhani inali itapsa. Aphunzitsi anadula ubweya wa mbuzi masana dzuwa likuswa mtengo, anaupaka pa fisi wawo, fisi ananunkhiza, n'kupita kukatenga mwini ubweya. Ena anawonjezera kuti dzanja lakufa silidzuka lokha, pali chimene ndinapereka kuti lidzuke. Ndikanakhala kuti si ine, mwina ndikanaisirira nkhaniyo, chifukwa inalumikizana bwino kuposa mmene ndinalumikizira fisi wanga.

Lachinayi ndinasamba, kuvala diresi lamkati ndi siketi, kukoleka bulauzi pamapewa, n'kukhala pakhonde kudikira mnzanga monga mwa masiku onse. Ndinamuona akutuluka m'nyumba mwake atavala zoyera, n'kudzera njira ya kuseri kwa nkhokwe. Mtima unandiwawa kuposa tsiku limene dokotala anandiuza za sitiroko. Ndinakhala pamenepo bulauzi ili yasa, mpaka mkwiyo unaposa chisoni. Ndinagwira batani la m'munsi ndi zala ziwiri zija. Linali loterera kuposa nthiti, koma linali lalikulu. Linalowa. Nditafika pakhosi ndinapeza kuti ndalumphitsa bowo limodzi, bulauzi yapendekeka, ndipo ndinamasula onse n'kuyambiranso. Ndinafika kutchalitchi nyimbo yoyamba itatha. Pabenchi pamene ndinakhala panapezeka malo ambiri mbali zonse ziwiri, ndipo palibe amene anafunsa kuti wandiveka ndani.

Loweruka masana kunabwera mkulu wa mpingo wa dera lathu, mnzanga uja ali pambuyo pake. Mkuluyu ndi munthu wofatsa, ndinaphunzitsa ana ake onse. Anakhala pampando umene fisi ankaumirapo, atauyang'anitsitsa kaye.

"Amayi aphunzitsi, ife sitikunena kuti ndinu mfiti ayi," anayamba choncho, akusisita chipewa pabondo. "Koma chinthuchi chakhumudwitsa anthu. Amayi akuopa kukhala nanu. Tagwirizana kuti Lachinayi mubwere nacho, muchitenthe pamaso pa anzanu, tipemphere, nkhani ithe."

"Ndikapanda kutentha?"

Anayang'ana mnzanga. Mnzangayo anayankha akuyang'ana pansi. "Ndiye kuti yunifolomu muyambe mwatula kaye."

"Abambo," ndinatero, "ndikatentha, ndiye kuti ndavomera kuti ndi amene anadya mbuzi. Chaka chamawa afisi akadzatsikanso mudzafuna nditenthe chiyani? Nyumba?"

"Si choncho, amayi. N'kachidole chabe. Mtendere ndi wofunika kuposa kachidole."

"Ngati n'kachidole chabe, mukukaoperanji?"

Anapemphera pemphero lalifupi, maso ake osatsinzina kwenikweni, n'kutsanzika.

Mwana wanga anamva nkhaniyi ku Mponela kwa anthu a kabaza, ndipo Lamulungu anafika ali wefuwefu. Anapeza fisi ali pawindo, atatsala diso lokha kuti athe.

"Amayi, tenthani. Ndine ndinabweretsa, ndine ndikupempha. Simumva pawailesi zimene anthu amawachita okalamba akawaganizira ufiti? Mumagona nokha muno. Ndidzakugulirani wa ndege."

Sindinamuseke, chifukwa ankanena zoona, ndipo mantha ndinali nawo. Masiku amenewo mwala ukagwa padenga mtima unkalumpha. Koma ndinamuonetsa dzanja. Ndinalitambasula, kulifumbata, kulitambasulanso.

"Iwe, miyezi yonse ija ndili chigonere, anthu ankabwera kudzandiimbira nyimbo za maliro ndili moyo. Ndikuthokoza, anachita bwino. Koma amene anakhala nane tsiku ndi tsiku mpaka zala izi kugwira ndi chilombo chonyansachi. Ndimutenthe kuti amayi apeze mtendere pabenchi? Sindinalakwe kanthu, ndipo sindipepesa pa chimene sindinalakwe."

Analira, ananditcha wamakani, ndipo ndinamuuza kuti makaniwo ndi amene anamulipirira sukulu. Anabwerera madzulo atandimangira loko watsopano pachitseko.

Lachinayi ndinavala ndekha, ndipo sindinalumphitse bowo. Fisi ndinamuika m'bokosi lake, n'kulikulunga m'chitenje. Kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mtengo pamene timakhala nthawi yotentha, amayi anali atasonkhana ambiri kuposa masiku onse. Ngakhale amene amadwala miyendo Lachinayi lililonse tsiku limenelo anachira. Pambali panali kamoto ka zitsononkho, ndipo mkulu wa mpingo uja anaima chapatali, Baibulo m'khwapa. Ataona bokosi nkhope zawo zinamasuka. Mnzanga anandimwetulira koyamba chifereni mbuzi.

Ndinakhala pamphasa, kumasula chitenje, kutulutsa fisi n'kumuimika patsogolo panga. Amene anali pafupi anasendera m'mbuyo. Padzuwa ankaoneka bwino kwambiri, katondo kumapazi, dzino la munga lili ng'aa.

"Amayi anzanga," ndinatero, "uyu ndi pulasitiki, guluu, phulusa ndi penti wa njinga. Ubweya wa mbuzi ndinadula poyera, mwini wake atavomera, ndipo uli pakamtengo kunyumba, aliyense akhoza kukauona. Mbuzi ndinapepesa, ndipo ndikupepesanso, chifukwa kuluza chiweto kumawawa. Koma sindinaidye ine, sanaidye uyu. Sinditentha."

Panali phokoso. Wina anayambitsa nyimbo koma palibe anamulandira. Mnzanga anaimirira.

"Aphunzitsi, musatiumirize. Mukudziwa chimene tinagwirizana."

"Ndikudziwa."

Ndinaimirira nanenso. Ndinayamba ndi batani la pakhosi. Dzanja lamanzere ndinalisiya lili pambali dala, kuti aliyense aone limene likugwira ntchito. Chala chachikulu chinakankha, cholozera chinakoka, batani linatuluka. Ndinatsikira pa lotsatira. Sindinafulumire, ndipo sindikanathanso kufulumira. Pansi pa mtengo paja pankangomveka zitsononkho zikuthetheka pamoto. Bulauzi imeneyo ndinavala poika mwamuna wanga m'manda, ndinaimbamo pa maukwati a ana a amayi onsewo, ndipo batani lililonse linkandipweteka potuluka. Koma misozi ndinaikaniza, chifukwa ikanawapatsa chonena.

Nditamasula lomaliza ndinavula, n'kutsala ndi diresi langa lamkati lamaluwa. Ndinapinda bulauziyo bwinobwino, manja mkati, kuvula duku n'kuliika pamwamba, n'kupereka kwa mnzanga ndi manja awiri. Analandira, koma sankayang'ana bulauziyo.

"Mwamasula nokha," ananena motsitsa, moti ndinamva ndine ndekha.

"Ndinamanganso ndekha. Kuyambira sabata yatha."

Ndinadikira pang'ono, chifukwa ndinkafunitsitsa atanena kanthu, kalikonse. Sananene. Ndinawerama, kutenga fisi wanga, ndipo sindinamubwezere m'bokosi. Ndinamunyamula poyera, kudutsa pakati pa amayi, kudutsa pamjigo, mutu wopanda duku, imvi zili pamtunda.

Bulauzi ija ikadali kwa mnzanga mpaka lero. Timapatsana moni pampanda, moni wouma, ndipo Lachinayi ndimamva nyimbo zawo ndili pakhonde. Ndimaimba nawo ndili pomwepo, mokweza, chifukwa nyimbozo sanandilande. Kunena kuti sizindiwawa kungakhale kunama.

Koma tsiku lija nditafika kunyumba sindinalowe m'nyumba kukalira. Ndinakhala pamphasa, kuika fisi pamiyendo, kutsegula chitsekerero cha penti woyera n'kudonthezeramo palafini. Ndinatenga bulashi ya mchira wa mbuzi, kuisongola, n'kuviika nsonga yokha. Diso lake linali likudikirabe kadontho kamodzi kuti liyambe kupenya. Kadonthoko kanali kochepa kuposa batani lililonse, ndipo ndinakaika pamalo pake ndi dzanja lamanja.